Mmene a Zitini Anaimikira Mwana wa Ahedi Padzuwa

A Zitini sankakhulupirira kanthu asanakayese. Mukawauza kuti lero kwatentha, ankakufunsani kuti, "Poyerekeza ndi liti?" Tinkawatcha a Zitini chifukwa pawindo la kalasi yawo ya sayansi pankakhala zitini zodzalamo nyemba, ziwiriziwiri nthawi zonse, china chothiriridwa, china chouma gwa. Ine ndasesa makalasi a pasukulu pano zaka zambirimbiri. Sukulu ndinalekera panjira, koma sayansi yawo ndinaibera pawindo, tsache lili m'manja.

Tsiku lina nyemba ya m'chitini chouma inandimvetsa chisoni, ndinaithira timadzi. Mayo ine!

"Mayi, mwandiphera masabata atatu!"

"Aphunzitsi, ine ndapulumutsa mbewu."

"Imeneyo ntchito yake inali kufota!"

Wometa wa kuseri kwa msika anawauzapo kuti ndevu ukamazimeta kawirikawiri zimamera zochuluka. Bambo aja anameta tsaya lakumanja lokha mwezi wathunthu, lakumanzere n'kulisiya tchire. Akazi awo ankayenda patsogolo ngati sakuwadziwa.

"Bambo a kunyumba, anthu akuti mwapenga."

"Anthu angati? Munawawerenga?"

Ana a m'kalasi yawo anali aja a zaka khumi ndi ziwiri, khumi ndi zitatu, msinkhu woti mwana amadziwa zonse kupatula kusamba m'khosi. Aliyense ankayenera kubwera ndi funso loti n'kuliyesa. Kamtsikana kena kanafunsa ngati mphaka wakwawo amakakonda.

"Chikondicho uchiyeza ndi rula?" anatero a Zitini. "Funsa kuti: ndikaitana ine, n'kuitananso mlendo, athamangira kwa ndani, kangati pa maulendo khumi? Usanayambe, lemba zimene ukuganiza kuti zichitika, ndi chifukwa chake. Ndipo usabise nyama m'thumba. Sintha chinthu chimodzi chokha!"

Mphaka anathamangira kwa mlendo kasanu ndi kawiri. Mwana analira tsiku lonse, a Zitini n'kumupatsa malikisi onse.

Tsono ahedi athu ali ndi lamulo lawo. Wolephera mayeso a Lachisanu amaima pabwalo masana ola lathunthu, kope lili m'manja, ati dzuwa limatsegula mutu. Mawu amenewa amawanena pamzere sabata iliyonse, mimba ili patsogolo, iwo ali pamthunzi wa khonde. Mwana wawo wamkazi anali m'kalasi ya a Zitini, ndipo ngakhale ankalephera ngati anzake, Lachisanu lililonse ankapezeka kuti watumidwa kuofesi.

Mwana wa atelala ndiye anayatsa moto. Anakweza mkono n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, zoti dzuwa limatsegula mutu zija, n'zotheka kuziyesa?"

Munthu wofuna kukalamba pantchito akanatsokomola n'kuyamba kufufuta bolodi. A Zitini maso anachita kuwala.

"Limeneli ndiye funso! Lembani nonse."

Anakonza zonse mwadongosolo. Ana makumi anayi, mawu achilendo makumi awiri oti aloweze, theka la ana padzuwa, theka pansi pa mtengo, onse choimirira, onse mphindi khumi ndi zisanu. Kuti pasakhale kukondera, anaika zitsekerero za mabotolo m'chipewa, zofiira ndi zoyera, aliyense atole atatsinzina. Mwana wa ahedi anatola chofiira, cha padzuwa.

Ndinawakokera pakhomo. "Aphunzitsi, kameneko kabwezereni m'chipewa, atolenso."

"Mayi, ndikasankha ndi maso, ndawononga zonse."

"Mukapanda kusankha ndi maso, akuwonongani ndinu."

Anaseka, n'kukaima nawo okha padzuwapo, dazi likunyezimira ngati mbale yotsuka. Anachita masiku atatu, ati kamodzi n'kutheka kukhala mwayi chabe. A pamthunzi ankakumbukira mawu khumi ndi anayi, a padzuwa asanu ndi anayi. A Zitini anajambula zonse papepala lalikulu, mizere yofiira ndi yobiriwira, n'kulinyamula kupita nalo kuofesi akumwetulira ngati apita ndi mphatso. Apa ndiye panali uchitsiru wawo wonse. Ankaganiza kuti munthu ukamuonetsa manambala amathokoza.

Ine ndinali kupukuta zenera la ofesiyo, ndipo zenera limenelo sindinalipukutepo bwino ngati tsiku limenelo. Ahedi pepala sanaliyang'ane n'komwe.

"Mwana wanga munamuimika padzuwa?"

"Mphindi khumi ndi zisanu zokha, bwana. Inu mumaimika ola."

Patatha sabata kunabwera akuluakulu awiri oyendera sukulu, ndipo mboni inali ine. Ndinalowa n'kupeza makiyi a kachipinda kanga ka matsache ali patebulo, pafupi ndi dzanja la ahedi. Ndili ndi ana anayi, ine.

"Mayi, munawaona aphunzitsiwa akuimika padzuwa ana osalakwa?"

"Ndinawaona."

"Masiku angati?"

"Atatu."

"Zikomo, pitani."

Za Lachisanu sanandifunse. Nane pakamwa panga pano, pamene pamadziwa za m'nyumba ya aliyense, panatsekeka ngati pasokedwa.

A Zitini kalasi anawalanda. Anawapatsa ntchito yoyang'anira chipinda chosungiramo madesiki othyoka, kopanda mwana ndi mmodzi yemwe. Aphunzitsi anzawo, omwe ankaseka nawo za ndevu zija, anayamba kumwera tiyi kwina. Ine ndinkazungulira kuseri kwa zimbudzi kuti ndisakumane nawo, mpaka tsiku lina tinagundana pampopi.

"Mwasowatu, mayi."

"Aphunzitsi, ine zija..."

"Simunaname. Munanena zimene munaona. Anangokufunsani theka la funso."

Akanandilalatira bwenzi ndikugona bwino mpaka lero.

Anakhala ndi madesiki aja zaka ziwiri, akuwakhomerera miyendo mmodzimmodzi popanda wowatuma, kenaka anapuma ntchito. Mwezi wathawu tinawaika. Pamaliro ahedi analankhula nthawi yaitali, ati sukulu yataya mzati wa sayansi, ati anali ngati mchimwene wawo, uku akupukuta m'maso ndi kampango. Kampangoko ndinakayang'anitsitsa pamene ankakabwezera m'thumba. Kanali kouma.

M'kalasi muja tsopano muli mphunzitsi waulemu kwambiri. Amalemba pabolodi, ana n'kukopera, belu n'kulira. Mukadutsa pawindo mumangomva choko, palibe wokuwa, palibe wotsutsa, ndipo ahedi akuti sayansi yayamba kuyenda bwino. Lachisanu lapitali pabwalo panaima ana khumi ndi atatu, makope ali m'manja, thukuta likudonthera pamapepala. Ndinawawerenga kawiri, kenaka ndinatenga tsache n'kukasesa kuseri, komwe ndinali nditasesako kale m'mawa.