A Egya Bentsil, mdani wa zakuda ndi zoyera

Ku Sekondi kuno, ngakhale mbuzi zinkadziwa kuti a Egya Bentsil amadana ndi zakuda ndi zoyera. Ankakonza makompyuta akale aja olumikiza ku TV, amene anthu a m'sitima ankabwera nawo kuchokera ku Amereka. Pa TV zathu, chithunzi chake chinkatuluka chotuwa ngati phulusa. Ukangolekerera choncho, a Egya ankakulondola mpaka kunyumba.

"Ana ako azisewera pamaliro? Bwera nayo kuno!"

Ine ndine telala, ndipo shopu yanga inagundana ndi yawo zaka makumi awiri, choncho chinsinsi ndinkachidziwa: maso a mkuluyu sankasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Ankasintha kachipangizo konga nyemba m'katimo, n'kuilamula kompyutayo kuti ijambule tomato, kenako n'kuyamba kupotoza pang'onopang'ono kasikulu kosinthira mitundu ya chithunzi. Koma woona mitundu anali akazi awo, a Maame Efuwa, amene ankakazinga nsomba pakhomo. Nsalu yawo ya maluwa ofiira inkakolekedwa pambali pa TV kuti aziyerekezera.

"Efuwa, yafika?"

"Tomato wanuyo ngwamuwisi. Potozani!"

"Nanga pano?"

"Aa, bambo inu, mwapitiriza! Wawola."

Tsiku lina a Maame atapita kwa mchemwali wawo ku Elmina, a Egya anakonza okha kompyuta ya aphunzitsi a Eshun. M'mawa mwake aphunzitsi anabwera atapsa mtima: mpira wa pakompyuta wa ana awo unkaseweredwa pa udzu wofiira psuu.

"Aphunzitsi, ku Amereka munafikako?"

"Ayi."

"Ndiye udzu wakumeneko mwaudziwira kuti?"

Sanapepese. Munthu uja sankadziwa kugonja. Mafoni atabwera, ana awo anawauza kuti atseke shopu, iwo n'kugulanso mashelefu ena. Ndipo ankabwerezabwereza kuti, "Tsiku langa likadzafika, wondivalira zakuda ndi zoyera ndidzamudzukira."

Vuto linali lakuti kwathu kuno nkhalamba ikamwalira, banja lonse limavala nsalu imodzi ya zakuda ndi zoyera. A Egya atatisiya ali ndi zaka 78, mkulu wa banja anandibweretsera mipukutu isanu ndi umodzi ya nsalu yomweyo. Ndinayamba kuisoka mano ali gwa.

Kenako a Maame analowa n'kuponya nsalu ya maluwa ija pamakina anga.

"Mlamu, mukufuna kutichititsa manyazi?" anatero mkulu wa banja uja, amene anali pomwepo.

"Manyazi ake ati? Munthuyu ndamuonera mitundu zaka makumi asanu. Lero ndimunamize?"

Ndinasiya zonse n'kuyamba ndi yawo, ndipo amene anakwiya akwiye.

Pamaliropo panali anthu mazana atatu otuwa ngati TV yosakonza, ndi mayi mmodzi pakati pawo, wofiira psuu. Anthu ananong'ona mpaka anatopa.

Shopu ija tsopano amagulitsiramo madzi a m'mapepala. Palibenso wopotoza kasikulu, palibenso wolondola anthu kunyumba, ndipo a Egya ndimawasowa kwambiri, ndi mwano wawo womwe. Ndikamasoka pamangomveka makina anga okha, ine n'kumakumbukira a Maame tsiku la maliro lija atawerama pabokosi la amuna awo, akukonza nsalu yawo paphewa.

"Yafika, bambo," anatero. "Musapotozenso."