Ndikungofuna mthunzi

Lolemba
Tsiku loyamba kubwerera pa geti la hotela chichotsereni ulusi. Khansa ya pakhungu aidula, koma tsaya lakumanzere alisoka ngati thumba la chimanga. Mlomo wakokekera m'mwamba moti ndikuoneka woseka pomwe ndakwiya. Dokotala akuti ndisiyane nalo dzuwa, apo ayi khansayo ibwerera. Mlonda wa pa geti, ku Doha, asiyane ndi dzuwa! Pulani ya sabata ino: andisamutsire mkati, pa resepishoni pozizira paja. Zida zanga: kalata ya dokotala, chipewa cha khonde, mafuta oteteza khungu ku dzuwa.

Lachiwiri
Kalata ndapereka kwa supavaiza. Akuwerenga tsaya langa m'malo mwa kalatayo. Akuti "Inshallah bukra," ndiye kuti mawa Mulungu akalola. Zaka zinayi ndili kuno, bukra ameneyu sindinamuonepo.

Lachitatu
Chipewa alanda! Akuti si yunifolomu, ndikuoneka ngati woweta ngamila. Kapusi ya kampani imaphimba chipumi chokha, pomwe bala lili pa tsaya. Tsiku lonse ndikulonda geti cham'mbali, kuti dzuwa liziwotcha tsaya labwinoli. Khosi lauma gwa.

Lachinayi
Mafuta atha, botolo lonse! Phiri, amene timagona chipinda chimodzi ku Bin Mahmoud, wakhala akudzola mpaka kuzidendene. Ankayesa ndi oyeretsa khungu. Akuti, "Achimwene, munthu wakuda khansa ya dzuwa? Ingonenani kuti mwayamba kubulitcha." Ndamulozera chipsera. Akuti ankaganiza kuti ndinachita ndewu. Iye sanayere ngakhale pang'ono, ine ndapsa tsiku lathunthu.

Lachisanu
Ndili pa ofu. Ndagula botolo lina ku Al Sadd, ndalibisa mu nsapato. Masana onse ndili pa galasi kuyeserera nkhope ya pa resepishoni. Kumwetulira: mbali imodzi ikukana. Tiyi: akudonthera pa malaya. Kuimba mluzu: zinatha basi. Mayi a kunyumba pafoni akuti ndachira, ndiziyamika Mulungu. Ndikuyamika ndithu, koma mtima ukuwira.

Loweruka
Andiitana ku ofesi. Manijala akuti resepishoni ayi, "alendo amafuna nkhope yowalandira." Akunena zimenezi maso ali pa kompyuta. Zaka zinayi nkhope yomweyi yawatsegulira geti! Koma mthunzi akuti aupeza: poimika magalimoto, nsanjika yachitatu kunsi kwa nthaka. Ndikuti nditsegule pakamwa, supavaiza wanena kale kuti khalas, nkhani yatha.

Lamulungu
Ndili pansi pano. Mpando umodzi, utsi wa magalimoto, netiweki palibe. Dzuwa silifika, dokotala akamva asangalala. Chiyambire m'mawa palibe wandiyang'anitsitsa tsaya, poti palibenso wandiona. Chipewa chija andibwezera, akuti kuno ndikhoza kuvala. Ndavala.