Mmene a Hutala Anasandukira Makina

Mphekesera inati a Hutala sanali munthu. Inati amene ankalemba m'dzina lawo pa gulu lathu la pa foni anali makina, aja amati amacheza ngati anthu, ndipo ena anawonjezera mchere kuti anatumidwa ndi andale kudzatizonda. Bodza limenelo. Makina sadwala shuga, ndipo palibe makina amene tinawanyamulapo pamapewa n'kumva kulemera mmene tinamvera tsiku lowaperekeza. Komabe musawaseke amene anakhulupirira. Mphekeserayi inali ndi miyendo, ndipo amene anaipatsa miyendoyo ndi akazi awo omwe.

A Hutala anali dalaivala wa malole. Hutala ya lole yawo inafa kalekale, bwana wawo n'kumangoti tikonza mwezi wamawa, iwo n'kuona kuti palibe chovuta: ankangotulutsa mutu pawindo. Akakuwa, njinga zinkagwera m'ngalande, ndipo wokuwiridwayo ankafika kwawo atadziwa zinthu zatsopano zokhudza makolo ake. Dzina linachokera pamenepo.

Kenako shuga anawalanda maso. Zinayamba kusowa ndi zikwangwani za pamsewu, n'kubwera nkhope za anthu, mpaka anatsala ndi kuwala ndi mdima basi. Dokotala atawayeza anaitanira akazi awo pambali.

"Mayi, mtima wa bambowa uli ngati tayala lopopedwa mopitirira. Akadzapsa mtima kamodzi kolimba, liphulika."

"Ndiye mukuti ndiwaletse kupuma," anatero mayi.

Koma sanafunikenso kuwaletsa. A Hutala anakhala pampando wa pakhonde n'kuti zii. Chete wa munthu wotere amaopsa kuposa phokoso lake. Mbale inkabwerera kukhitchini mmene yapitira. Mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito kutali, anatumiza foni kuti mayi aziwawerengerako nkhani, ndipo wometa, amene ankabwera Loweruka lililonse kudzawapala ndevu, anawalowetsa m'gulu lathu, poti woyendetsa gululo ndi iye.

Gululi linayamba ngati lodziwitsana madzi akasiya kapena akuba akadutsa, koma linatupa mpaka munalowa anthu oti sitinawaonepo nkhope. Ntchito yake inasanduka kukangana: za chisankho, za makamera oti aikidwe m'misewu, za makina odzatilanda ntchito, za ana amene sakwezanso mutu ukamawalankhula. Ine sukulu ndinaisiya isanandizolowere, koma mmenemo ndinali pulofesa ngati wina aliyense.

Mayi amaluka majuzi a ana a sukulu. Ulusi pamiyendo, magalasi pamphuno, foni pamkono wa mpando. Tsiku loyamba lenileni anawerenga zimene wina analemba zoti kukubwera malole oyenda okha, opanda dalaivala. A Hutala anadzidzimuka ngati alumidwa ndi chinkhanira.

"Lembani, mayi. Muuzeni galu ameneyo kuti mutu wake ndi thanki yopanda dizilo. Mumufunse, lole yakeyo ikapeza munthu wodwala pamsewu mvula ikugwa, iima? Chitsiru."

Mayi anayang'ana mtsempha wa pakhosi pa amuna awo, umene unali utatupa ngati chingwe, n'kulemba kuti: "Zikomo achimwene chifukwa cha nkhaniyi. Ndifunseko, lole yopanda dalaivala ikapeza munthu wodwala pamsewu, kodi iima?"

Yankho silinachedwe. "Iwe nkhalamba, kagone. Dziko lakusiya."

"Wati bwanji?" anafunsa a Hutala.

"Wati funso lanu ndi lovuta, akaliganizira kaye. Inu mupumeko."

A Hutala anapukusa khutu ndi chala. "Oo. Ndi mwana woleredwa ameneyo. Galu uja mufufute."

"Ndafufuta."

Masana amenewo mbale inabwerera ili yoyera ngati yatsukidwa.

Basi mayi anasanduka sefa. Zotuluka ankasefa, zolowa ankasefa. Zotukwana zonse zinkatsakamira, ndipo chodutsa chinali mafunso okhaokha. Mafunsowo analipo osati masewera, chifukwa pansi pa phokoso lonse lija a Hutala anali ndi chidwi ngati cha mwana wongophunzira kulankhula. Ndani amasankha nkhani yofika pa foni yanga, nanga amandidziwira kuti? Bwanji ndikamvetsera mkangano umodzi, mawa foni imabwera ndi abale ake onse a mkanganowo, koma nkhani yabwino imabwera yokha ngati mwana wamasiye? Kamera ikagwira wakuba zili bwino, nanga ikagwira ine ndikulowa kwa dokotala, chithunzicho amasunga ndani? Mafunso ena anali opanda mutu ndithu. Anavutitsa anthu kwa masiku kuti uthenga ukafufutidwa umakagona kuti, ndipo mpaka imfa sanavomereze kuti intaneti ilibe galaja.

Itafika nyengo ya chisankho gulu linang'ambika pakati. Anthu obadwa bere limodzi anasiya kupatsana moni pampopi chifukwa cha zimene analemberana m'mawa. A Hutala anamvetsera zosefedwa zija, komabe anamva fungo.

"Auzeni onse kuti ndi nkhuku zojomphana pakhomo pa mwini mpeni. Afunseni, akanakhala mtsogoleri wawo wachita zimene akukuwira wa anzawoyo, bwenzi akukuwa chonchi?"

Nkhuku zinatsala pakhonde, funso linapita. Gulu linati duu mpaka dzuwa kupendeka. Kenako wina, mkulu wa zokuwa wa mbali imodzi, analemba mawu atatu okha: "Bwenzi ndili chete." Sitinaonepo zotere. Ena mpaka anamufunsa ngati foni yabedwa.

"Mayi," ankatero a Hutala akumwa tiyi wopanda shuga, "ine ndayenda misewu yonse, koma anthu aulemu ngati a pa intaneti sindinawaone."

Mayi ankangoweramira ulusi.

Amene anayambitsa za makina ndi a Tichala, ophunzitsa makompyuta. Sanali munthu woipa, kungoti anawerenga zambiri za makina amene amalowa m'magulu a anthu n'kumasokoneza maganizo, ndiye ankagona ndi diso limodzi. Umboni wawo unali wolimba. Uyu satukwana. Akamutukwana amathokoza. Sanena chipani chake. Amangofunsa, ngati wina wamutuma kukolola zimene tikuganiza. "Munthu wamagazi sangapirire chonchi," analemba motero.

Choipa n'chakuti umboni waukulu tinapereka ndife, owadziwa. A Hutala kunena zikomo? Munthu amene anatsika m'lole kukatukwana loboti ya pamsewu chifukwa chochedwa kusintha? Tinati ayi, dzina ndi lawo koma wolembayo si iwo. Gulu linagamula kuti pofika Lamlungu atumize mawu awo akulankhula, ayankhe mlanduwo pakamwa, apo ayi achotsedwe. A Tichala anati mawu nawonso amapangidwa masiku ano, koma wometa anawatsimikizira kuti mawu a Hutala makina atayesa kuwatsanzira angapse.

Loweruka wometa anafika ndi kachikwama kake n'kuwakodola mayi kuseri kwa nyumba, pampopi.

"Alamu, ine ndawakanira mpaka ndatopa. Ndiuzeni zoona, akulemba ndani?"

"Akulankhula ndi iwo. Ine ndimangochotsa minga."

Wometa anakhala pa ndowa yovundikira n'kuseka osatulutsa mawu, misozi mbwembwembwe. Mayi sanaseke. Ankaona njira ziwiri, zonse zoterera. Achotsedwe m'gulu, abwerera ku chete uja, ndipo mbale iyambanso kubwerera yodzaza. Awauze zoona, ndiye tayala lija. Kuwanamiza kuti angopereka moni sizikanatheka, poti munthu amene amafuna kudziwa kogona uthenga wofufutidwa sangalankhule m'foni osafunsa chifukwa chake.

"Kawapakeni thovu," anatero mayi pomaliza. "Mukafika pakhosi, lumo musalichotsepo mpaka ndikuuzeni."

"Alamu, ine ndili ndi ana."

"Ndi njira yokhayo yoti asadumphe."

Anaika mapiritsi ndi kapu ya madzi pafupi, anakoka mpando, n'kudikira mpaka lumo litagona pakholingo.

"Bambo, khalani mmene mulilimo. Lero ndikuwerengerani mmene analembera, osachotsa kanthu."

Anayambira kumayambiriro. Nkhalamba kagone. Mafunso a mwana woyamwa. Galu wa boma. Galu wa otsutsa. Kenako zonse za a Tichala, mpaka chigamulo cha Lamlungu. Thovu linkanjenjemera pachibwano. Wometa thukuta linkamutsikira m'maso koma analibe dzanja lopukutira.

"Mnyamata wa lole uja," anatero a Hutala osatsegula bwino pakamwa, "sanati akaganizira?"

"Anati mukagone."

"Ine ndinati chiyani?"

"Munati zikomo."

"Nanga galu uja?"

"Sanafike. Agalu anu onse ali muno m'nyumba, ndinawamangirira ndine."

Mayi maso anali pa mtsempha uja. Unatupa, unagunda, unagundanso. Anali atagwira kale kapu ya madzi.

"Koma mafunso anga ankafika?"

"Onse. Sindinasinthe ngakhale limodzi."

"Mayankho aatali aja, a makamera aja, munapeka ndinu?"

"Ndikanawadziwira kuti ine? Amenewo ndi awo. Akatopa kutukwana ankayankha."

A Hutala anapumira m'mwamba, ndipo mtsempha unayamba kuphwa pang'onopang'ono. "Zaka zonse zija ndinkakuwa pawindo, palibe anandiyankhapo. Ankangothawa." "Wometa iwe, chotsa chitsulo chakocho. Sindifa lero, ndili ndi funso. Makina amene akuti ndinewo, akawatukwana amamva chiyani?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Palibe chimene umadziwa. Mayi, bweretsani foniyo kukamwa kuno."

Mayi anadina, a Hutala analankhula thovu lili tsaya limodzi. Ananena mawu ochepa kwambiri. Pambuyo pake anawonjezera zina zambiri zokhudza a Tichala ndi mtundu wawo, koma zimenezo gulu silinamve, chifukwa mayi anali atachotsa kale chala.

A Hutala sanachotsedwe. A Tichala anabwera okha kudzapepesa, anakhala pakhonde, anatukwanidwa pamasom'pamaso mpaka makutu kutentha, n'kubwerera kwawo ali osangalala. "Ndi munthu ndithu," anauza gulu. Anayamba kumabwera kawirikawiri kudzafotokoza za makompyuta, ndipo pa nkhani ya galaja anagonja ndi a Tichalawo.

Ntchito ya mayi sinathe, inangosintha. Tsopano a Hutala ankati, "Ndipatseni yaiwisi kaye," n'kumvetsera chipongwe chonse akugwedeza mutu ngati katswiri woyesa ntchito ya ophunzira. "Ameneyu sadziwa kutukwana, akungowononga mawu." Akafika poyankha ankamasula agalu awo onse, kenako n'kuti, "Amangeni, mayi. Tumizani funso lokha."

Anakhala nafe mpaka nyengo yozizira yotsatira inadutsa. Sanapite ndi mkwiyo. Anapita masana ena pampando womwe uja, mayi ali pakati powawerengera yankho la funso lawo lakuti ngati makina adzagwira ntchito zonse, anthu azidzakanganirana chiyani. Mayi anamaliza kuwerenga ndime yonse asanadziwe. Amati chimawapweteka n'chakuti yankholo linali labwino.

Pano msewu wathu uli ngati lole yozimitsa injini. Ukadutsa pakhonde paja umachepetsa liwiro wekha, kudikira kuti wina akuuze kuti ukuyenda ngati bakha, koma pamangomveka singano za mayi. Gulu likadalipo, likukanganabe, ndipo aliyense ali ndi yankho. Wofunsa ndi amene akusowa. Mkangano ukafika poipa, wina amalemba kuti apa a Hutala akanafunsa, koma palibe amadziwa kuti akanafunsa chiyani. Mayi sanatuluke m'gulumo ngakhale salemba. Akuti nthawi zina chala chimayamba chokha kulemba zikomo, kenako amakumbukira kuti palibe choti asefe.

Mphekesera ija nayo sinafe. Alendo olowa kumene amaimva n'kufunsa ngati n'zoona kuti muno munali makina. Wometa sakangana nawo. Amangowatumizira mawu aja, amene anawasunga ngati chuma. Mumamveka mpando ukulira, kutsokomola kumodzi, kenako hutala yonse ija:

"Sindine makina ine. Ndili ndi mkazi basi."