Mkamwini Wanga Asewere Pakatikati

Lolemba

Tadala wandiimbira ndili pa basi kuchokera ku shifiti. Akuti timu ina ya ku Turkey itumiza anthu Loweruka kudzaonera mwamuna wake, Naoki, akusewera mpira. Akulankhula mosangalala ngati wapata mwayi. Ine mpaka ndapitirira sitopu yanga.

Mwana wanga wamkazi ndi yekhayu, ndipo ndi woyembekezera, kwatsala miyezi itatu. Mlongo wake ali ku Canada, timangomuona pafoni. Mkamwini wangayu ndi mwana wabwino, waulemu, koma sakhala pansi. Anachoka kwawo ku Japan ali mnyamata, anasewera ku Belgium, kenako ku Portugal, tsopano katimu ka kuno ku London. Pa ukwati ndinkadziwa zonsezi, koma ndinkati watopa nazo.

Bambo a Tadala andifotokozera: "Akasewera bwino amugula. Akasewera moipa amubwereketsa kutimu ina. Msika wa osewera ukutsekedwa sabata yamawa."

Ndiye chofunika n'chakuti asewere pakatikati. Asaoneke, komanso asalakwitse. Ndili ndi sabata imodzi.

Lachiwiri

Mapemphero a amayi ku Tottenham. Ndimafuna kunena zoona koma manyazi andigwira. Munthu unganene bwanji kuti pemphererani mwana wa eni asachite bwino kwambiri? Ndangoti, "Mukumbukireko mkamwini wanga, ali ndi gemu."

Mayi Nkhoma, mtsogoleri wathu, aimirira ndi kuvula jekete. Apempha zigoli zivumbe ngati mvula ya m'Januwale. Apempha miyendo yake ikhale ya gwape. Apempha dzina lake limveke kutsidya kwa nyanja, makomo a mayiko atseguke!

Onse ati ameni. Ine sindinayankhe. Pobwerera mu sitima ndagwidwa mantha ena: kumwamba aona kuti sindinayankhe.

Lachitatu

Ndawaitana ku chakudya chamadzulo. Maganizo anga ndi akuti munthu akalemera pang'ono sathamanga kwambiri. Ndaphika nyama ya mbuzi, mpunga wamafuta, tchipisi, nkhwani wotendera, ndi mandasi beseni lonse.

Naoki wavula nsapato pakhomo monga mwa masiku onse, wawerama. M'manja muli kabokosi ka chakudya chimene a kutimu amamuyezera: kansomba, timasamba. Ataona tebulo wabisa kabokosiko m'chikwama. Tadala akumunong'oneza kuti asadzikakamize, iye akupukusa mutu. Ndikamuwonjezera akulandira ndi manja awiri. Ndawonjezera kambirimbiri, sanakane ngakhale kamodzi.

Pomaliza wanena Chichewa chake chija: "Zikomo amayi, ndakhuta kwambiri." Thukuta lili pamphumi. Watsukanso mbale zonse.

Bambo a Tadala akungondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Lachinayi

Wadwala m'mimba. Sanapite ku maphunziro a timu.

Tadala akulira pafoni. Kochi wakwiya, akuti mwina samuika n'komwe Loweruka. Ndafunsa mwaulemu kuti zikatero chichitike n'chiyani. Akuti kontilakiti ikutha chaka chino, ndipo ejenti wanena kale kuti ngati ku Ulaya kuno sapezeka womufuna, kwatsala n'kubwerera ku Japan.

Ku Japan!

Pa nthawi yopuma ndayang'ana mapu pafoni. Turkey ili pafupi, chala sichisuntha n'komwe. Japan ndachita kukoka, kukoka, mpaka kumalekezero a dziko. Mnzanga wa pawodi wandifunsa ngati ndikudwala, akuti ndapima BP ya munthu mmodzi kawiri.

Ndine nesi wa zaka zambiri. Ndadwalitsa munthu ndi mandasi.

Lachisanu

Ndapita kwawo m'mawa ndi madzi a mchere ndi shuga, nthochi, ndi phala lamadzimadzi. Ndamupeza wakhala pansi pa kapeti, ayisi ali pa bondo. Tadala anali ku sikelo, ndiye tinali awiri.

Wapepesa iye. Akuti anadya mosadziletsa, wanyozetsa chakudya changa. Ndasowa poyang'ana.

Kenako walankhula zambiri, Chingerezi chake chapang'onopang'ono. Akuti wapitirira zaka makumi atatu, bondoli limatupa gemu iliyonse, ndipo anyamata atsopano amathamanga ngati sakumva kanthu. Akuti m'nyumba zonse zimene wakhalamo sanakhomepo chithunzi pakhoma, poopa kudzachotsanso. "Ndikufuna mwana adzandione ndikusewera, ngakhale kamodzi. Ndikuopa, amayi."

Ine ndimaganiza kuti woopa ndine ndekha.

Ndaimbira Mayi Nkhoma kuti apemphererenso. Ati, "Pemphero la Lachiwiri lija likugwirabe ntchito, asisi, musakayike." Lomwelo ndi limene likundiopsa. Kapena ayi. Sindikudziwanso chimene ndikufuna.

Loweruka

Kuzizira kwa pabwalo kukulowa m'mafupa. Kochi wamuika pa benchi. Kumbuyo kwathu kwakhala azibambo atatu a makhoti aatali, sakuimba nawo, akungojambula pafoni. Aliyense wa khoti lalitali ndikumuona ngati wabwera kudzanditengera mwana.

Chigawo chachiwiri amulowetsa. Ndatseka maso kuti ndipemphere, mawu palibe. Asewere bwino? Moipa? Ndangoti, "Ambuye, mukudziwa nokha."

Posakhalitsa chimunthu china chachitali chamutchera mwendo, pa bondo lomwelo. Wagwa, sakudzuka. Tadala wandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa. Pamenepo ndaiwala Turkey, ndaiwala Japan. Ndimangofuna mwanayo aimirire.

Waimirira. Akutsimphina, kenako akuthamanga. Chakumapeto walanda mpira, wazemba awiri, wapatsira mnzake, mnzakeyo wamwetsa. Ndazindikira ndili chiriri pampando, ndikululutira pakati pa azungu. Mkulu wina wonunkha mowa wandikumbatira. Bambo a Tadala akukoka khoti langa: "Mayi, khalani pansi, mukumuonetsa kwa a makhoti aja."

Lamulungu

A ku Turkey aja sankafuna Naoki. Ankafuna goloboyi.

Ndinayamba kale kuthokoza, Tadala n'kundiuza kuti mmodzi wa azibambo a makhoti aja anali wa ku Denmark. Amukonda Naoki. Kontilakiti ya zaka ziwiri. Anyamuka Lachiwiri kukapimidwa bondo, likapezeka bwino basi wapita.

Ku tchalitchi Mayi Nkhoma apereka umboni. Andiitana kutsogolo, mpingo wonse wandiombera m'manja. Ndamwetulira mmene ndikanathera.

Masana abwera onse awiri. Naoki wagwada pamaso pa bambo a Tadala, sindikudziwa wamuphunzitsa ndani. Wapempha kuti Tadala akhale kuno kwathu mpaka mwana atabadwa, chifukwa ku Denmark sadziwako munthu ndipo iye azikhala pa maulendo. Mwana akabadwa adzawatenga. Bambo ati, "Nyumba ndi yake," n'kupita kukhitchini kukamina.

Ndiye apita ndithu, iye, Tadala, ndi mdzukulu amene sindinamuonebe nkhope. Timu ikadzamutaya adzapitanso kwina, ndipo palibe adzandifunse.

Tayamba kuchotsa katundu m'chipinda chakale cha Tadala. Muli makatoni a bambo ake, njinga yolimbitsira thupi imene sitinakwerepo, ndi masutikesi odikira ulendo wa ku Malawi. Kabedi ka mwana kakwana pafupi ndi hita tikasuntha wadiropu. Msana ukuwawa, mawa ndili ndi shifiti ya m'mawa.

Miyezi itatuyi ndi yanga.