Mtedza wa Atsibweni

Lolemba

Ndafika ku Halale. Mayo ine, kuzizira! Nyumba zosanjikizana, kuyang'ana mpaka khosi kuwawa. Ku Lilongwe ukaima pamlatho umaona tauni yonse ndi agalu ake omwe. Kuno msewu umodzi sudziwika kumene wathera.

Ndikugona kwa Binisoni, mnzanga wa kusukulu ya mishoni. Ntchito yophika buledi kubekale ndiyamba Lolemba likudzali, choncho sabata ino ndi ya zimene anandituma amayi:

1. Kupeza atsibweni, a Yotamu Phiri, amene anachoka ine ndisanamere mano.
2. Kuwapatsa thumba la mtedza wa kumunda kwa amayi.
3. Kuwauza abwerere. Ukwati wa mlongo wanga Esinati waima. Akuchimuna akuti sakambirana ndi ana, akufuna mwinimbumba.

Zosavuta izi. Ine sindidzatchona ngati iwo. Miyezi isanu ndi umodzi basi, ndili kwathu.

Lachiwiri

Thumba paphewa, ulendo m'tauni. Ndikupereka moni kwa aliyense monga tinaleredwera. Woyankha palibe! Mayi wina wachita kufumbatira chikwama chake. Pamphambano pali nyale zolamula galimoto, ndipo galimotozo zikumvera, kuposa ana a masiku ano.

Wapolisi akufuna chitupa. Ndamuonetsa. Akufuna kuona za m'thumba. Waona. Walawa. Walawanso, ulendo uno ndi chipewa.

Lachitatu

Kumsika wa kulokeshoni ndamva Chinyanja, mtima phaa! Ndi telala wa ku Dowa. Akuti, "Phiri? Achimwene, kuno mukaponya mwala ugwera Phiri."

A Phiri amene ndapeza lero: wometa, wogulitsa malasha, mlonda wogontha, ndi wina woledzera amene walumbira kuti ndiye atsibweni anga, koma dzina la amayi sakulidziwa. Aliyense akufunsa ngati mvula inagwa bwino kwathu, maso ali pathumba. Munthu wofunsa za mvula ungamumane bwanji? Thumba lapepuka.

Lachinayi

Kumayadi a azungu. Akuti ophika ndi am'dimba onse ndi akwathu. Zoona. Agalu okha ndiwo si akwathu, buluku langa ndi mboni.

Wophika wina wa ku Nathenje wandikhazika kuseri kwa khitchini. "Kodi amayi aja a zitumbuwa pafupi ndi mlatho akadalipo?" Ndati anamwalira kalekale. Ndamutapira manja awiri, ndikanatani? Wanditumiza kwa Yotamu wina. Yotamu wake ndi wa ku Mulanje. Iyenso watapa.

Lachisanu

Sindikutuluka, mapazi ali matuza okhaokha. Ndapukwa, ndisaname. Ndasowa:

khonde la sitolo ya Mmwenye kumene ndinkayeza nsalu;
ngolo za fodya ndi fumbi lake;
munthu wondiitana dzina ndili tsidya la msewu;
Esinati, ngakhale kulongolola kwake komwe.

Ndakazinga mtedza pang'ono kuti ndingomva fungo la kwathu. Kalanga ine! Fungo laitana mdadada wonse, ena ndi mbale m'manja. Binisoni akutafuna uku akuti, "Atsibweni akowo adzadya moni." Wotsala ndamanga pakampango.

Loweruka

Telala uja watumiza mawu: kuli Yotamu wokonza njinga kuseri kwa holo ya mowa. Ndapita. Sindinafunse n'komwe. Nkhope ya amayi yeniyeni, imvi zokha ndizo zawonjezera. Ali ndi mkazi wa Chishona ndi ana asanu osamva moni wanga.

Ndagwada, ndapereka kampango. Manyazi! Amasula, anunkhiza, osadya. Ndanena uthenga wonse. Akupukuta manja pansanza, kupukuta osamaliza.

"Mphwanga, ndikafike ndi nkhope iti? Ndinyamule chiyani, sipanala? Mwinimbumba ndiwe tsopano. Nanga iwe ukhala mpaka liti kuno?"

Ndati miyezi isanu ndi umodzi basi. Aseka mpaka kutsokomola, kenaka misozi mbwee.

"Inenso ndinatero pamlatho paja."

Lamulungu

Kutchalitchi aimba m'Chishona. Nyimbo ndikuidziwa, ndaimba m'chathu, chapansipansi.

Kalata ya kwa amayi ndalemba katatu, ndang'amba kawiri. "Mtedza wafika." Limenelo si bodza kwenikweni. "Atsibweni ali bwino." Za Esinati ndalemba kuti akuchimuna adikire ine pokolola.

Thumba ndati ndiikemo malaya likhale mtsamiro. Pokung'untha yagwa njere imodzi. Ndaibzala kuseri kwa nyumba. Binisoni waima pakhomo, iye amene anabwera kudzakhala chaka chimodzi, mwana wake wobadwira kuno ali kale pasukulu.

"Wobwerera kwawo sabzala," akutero.

Ndamutukwana. Kenaka ndakatunga madzi, ndathirira.