Bambo anga obwereka pa siteji ya kabaza

Anthu amati kuwerenga kumapindulitsa. Ine kunandionetsa zakuda, ndipo mpaka lero ndimati mlanduwo ndi wa dikishonale.

Linali tsiku lotentha la mu Okutobala pasukulu yathu ku Chinsapo. Madamu a Chingerezi anati aliyense asankhe liwu limodzi, afufuze matanthauzo ake ndi kumene linachokera. Ine mwa ulesi ndinasankha school. Ndinapeza kuti ndi malo ophunzirira, komanso ndi gulu la nsomba zosambira pamodzi. Koma timalemba tating'ono pansi pake tinati liwuli linachokera kwa Agiriki, ndipo kwa iwo linkatanthauza nthawi yopuma.

Maso anga anatulukira pawindo. Ndinkaona Agiriki atagona chagada pansi pa mitengo ya mango (sindikudziwa ngati kwawoko mango aliko), kamphepo kakuwaomba, belu kulibe, mayeso kulibe, aphunzitsi akuwakupiza ndi makope.

Pa buleki ndinalalikira uthengawu, ndipo Fomu 3 yonse inatembenuka mtima. Belu litalira tinakagona pansi pa mtengo kuseri kwa kalasi, kubwezeretsa sukulu pachiyambi pake. Mitambo inkayenda pang'onopang'ono ngati minibasi yosaka anthu. Kenako mtambo wina unaima pamwamba panga, utavala tayi. Anali ahedi.

Anzanga ananditchula onse pamodzi ngati kwaya. Ahedi anati mawa ndibwere ndi kholo. Apa mpamene panavuta, chifukwa amayi anali atalumbira kuti akadzangoitanidwanso kusukulu, anditumiza ku Dedza kwa amalume kukalima mbatatesi.

Ndiye ndinachita zimene amachita wophunzira aliyense woganiza bwino: ndinakabwereka bambo. Pa siteji ya kabaza ndinasankha a Phiri, aimvi, a nkhope yotopa ngati kholo lenileni. Ndinawapezera jekete kwa aneba, ndi kuwaphunzitsa dzina langa.

Mu ofesi anagwira ntchito yotamandika. Anapukusa mutu, anausa moyo, mpaka anandikoka khutu (izi sitinapangane). Ahedi ankangowayang'ana. Kenako anafunsa modekha:

"A Phiri, ndiye m'mawa uja ndakudikirani pamsewu mpaka kubwera wapansi, chifukwa cha jeketeli?"

Kani ahedi anali kasitomala wawo wa tsiku ndi tsiku. Bambo angawo anavula jekete, kulipinda bwinobwino, kupepesa, n'kufunsa ngati adzawatenge poweruka. Ine sanandicheukirenso.

Amayi anafika masana omwewo, ufa wa mandasi udakali m'manja. Sanakalipe. Anangondifunsa ngati ndikufuna basi ya m'mawa kapena ya masana.

Ndikulemba izi ku Dedza, m'manja muli matuza okhaokha. Amalume amati akuona kuti ndaphunzirapo kanthu, ndipo sindikuwatsutsa. Bambo wobwereka uzikamutenga ku Mgona, kutali ndi njira ya ahedi.