Mwezi Umene Ndinathetsa Malungo

Mpaka lero ndikaona pepala la mizeremizere litapachikidwa pakhoma la chipatala, nkhope imandiyabwa ndi manyazi. Ndikuuzeni chifukwa chake, museke, zithe.

Zinali zaka zija matipate atangoyamba, aliyense akuimba kuti zinthu zasintha. Ine ndinali nditangomaliza maphunziro a zachipatala, ndipo ananditumiza ku kachipatala kena cha ku Lifuwu. Mwana wa ku Ntchisi ine, nyanja ndinkangoionera pa kalendala. Ndinapezako namwino wamkulu, Mayi Asiyatu, amene odwala awo ankawazindikira ndi katsokomoledwe komwe.

Nanenso ndinafuna kusintha zinthu. Sabata iliyonse ndinkawerenga odwala m'kaundula n'kujambula mzere papepala lalikulu, kuti tiziona ngati matenda akukwera kapena akutsika. Ndinayambitsanso chiphunzitso cha m'mawa, cha udzudzu ndi madzi akumwa (unali ulaliki weniweni, chinkasowa ndi kwaya basi).

Ndiye pakati pa dzinja, udzudzu uli pakalapakala, mzere wanga unatsika mochititsa kaso. Malungo pansi, chifuwa pansi, mabenchi mbee.

"Mayi, mwaona? Chiphunzitso changa chagwira nseu," ndinatero.

"Adokotala, musafulumire. Anthuwa abwera," anayankha.

Ndinati ndi nsanje. Umboni ndinali nawo: masiku omwewo Mayi anasiya kumwa nane tiyi wa teni koloko. Ndikawathirira ankangoti zikomo n'kutuluka. Ine mumtima ndinkati, nkhalamba ikawawidwa imakana ndi shuga yemwe.

Ndinalemba kalata kwa bwana wa zaumoyo ku boma kuti adzaone okha chozizwitsachi. Ndisaname, maso anga anali pa transifa yopita ku boma, kunyumba ya magetsi. Bwana anayankha kuti abwera pakatha masabata awiri.

Tsikulo ndinamanga tayi. Galimoto itafika inasowa poima, chifukwa mzere wa odwala unali utafika kumsewu. Ena akunjenjemera, ena akutsokomola, koma ambiri ali m'zovala zatsopano. Bwana anayang'ana pepala langa, anayang'ana anthu, kenako anayang'ana ine.

"Akulu, matenda munathetsa aja ndi amenewa?"

Pomwepo msodzi wina wachikulire amene anali kutsogolo anapisa m'thumba la mkanjo wake.

"Adokotala, alihamudulillahi, swaumu yatha. Mapilisi munati katatu patsiku aja ndasunga bwinobwino, ndi awa. Ndiyambe lero?"

Anali onse, palibe ndi limodzi lomwe losowa.

Mayi Asiyatu ndi amene anafotokoza, modekha ngati akumanga bala. Unali mwezi wa Ramazani, mwezi wa swaumu, kusala kudya kwa Asilamu. Anthu ambiri a kunyanjako sameza kanthu kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndiye akuluakulu amangopirira matenda kunyumba kudikira Idi, chikondwerero chotsekera mweziwo, idutse. Wanjala sayendanso mtunda kudzalandira mankhwala oti sakamwa masana.

"Inenso tiyi uja ndinasiyira zomwezo, adokotala," anamaliza motero.

Mwezi wathunthu ndinakhala chipinda chimodzi ndi yankho, ndikulithirira tiyi.

Bwana anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati pepala ndisalitaye, silinaname, koma ndizililemba Mayi ali pambali. Za transifa sanatchule, ndipo ine ndinalibe nkhope yofunsira.

Chaka chotsatira mwezi uja tinaulemberatu papepala. Mankhwala otheka kutero tinkawakonza kuti anthu azimwa pa daku, chakudya cha mbandakucha, ndi pofutulu, pomasula swaumu madzulo. Mayi anapemphanso a shehe kuti azikumbutsa kumzikiti kuti wodwala amaloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo akachira. Mzere sunatsike mokongola ngati kale, koma msodzi uja anamaliza mapilisi ake.

Ndinakhalako zaka zambiri ndikuwerengera koloboyi. Manambala ndimawakondabe, sindinalape. Kungoti masiku ano akandikomera kwambiri, ndisanalembe kalata kwa bwana aliyense, ndimayamba ndayang'ana kuti muofesi muno wasiya tiyi ndani.